Kugwira ntchito osadikira kuuzidwa m'chipatala: iniciativa imeneyi ndi chiyani kwenikweni?

Sabata yatha ndimachokera ku Tete kubwerera ku Ulónguè pa chapa, ndipo mukudziwa ulendo umene uja ndi wautali, anthu amayamba ndi macheza amathera ku mkangano. Titangodutsa Moatize mayi wina anayamba kudandaula kuti anapita ndi mwana kuchipatala china chaching'ono, mwana thupi lili moto, namwino anangomuyang'ana n'kunena kuti dikirani tekiniko, uja amapima odwala ndi kulemba mankhwala, abwere, ndiye anakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Bambo wina wachikulire kumbuyo anati, "Mayi, musafulumire kuweruza, mwana wanga ndi namwino, tsiku lina anathandiza wodwala asanauzidwe, m'mawa mwake anaitanidwa ku ofesi ya ashefi kukayankha mafunso. Ndiye atani?" Mnyamata wina wasukulu anangoponyapo kuti vuto ndi falta de iniciativa, ndiye kuti kusowa kwa iniciativa, basi chapa chonse chinagawanika pawiri.

Mawu amenewa timawamva kwambiri masiku ano, pa wailesi, m'misonkhano ya ogwira ntchito zaumoyo, ngakhale pa WhatsApp nkhani ya sitalaka ya anamwino ikabuka. Koma ndinaona kuti mu chapa muja aliyense amatanthauza zake, nde ndati tiyeni tiimasule bwinobwino nkhaniyi.

Mawuwa akutanthauza chiyani

Iniciativa ndi mawu a Chipwitikizi, kwathu tingati kudziyambira wekha kuchita chinthu chofunika osadikira kuti wina akuuze. Katswiri wina wa ku Germany, Michael Frese, pamodzi ndi mnzake Doris Fay, anafufuza khalidweli kwa zaka zambiri ndipo amati lili ndi mbali zitatu: umayamba wekha, umaonera patali vuto lisanafike, komanso sugwa ulesi ukakumana ndi chopinga.

Taganizani za dimba la mbatatesi ku Tsangano. Waganyu wapimiridwa mizere khumi, walima mizere khumi, walandira ndalama zake, wapita, ndipo palibe chomwe walakwa. Koma mwini dimba akamadutsa n'kuona masamba ayamba kuda mawangamawanga sanena kuti lero ndinabwerera kupalira basi, amadziwa kuti chiwawu chikalowa sabata imodzi dimba lonse lapita. Wogwira ntchito wa iniciativa ndi amene amaona wodi ndi maso a mwini dimba ngakhale chipatala si chake.

Apa pali kusokoneza kumodzi. Kulimbikira ntchito ndi iniciativa si chinthu chimodzi ayi. Namwino akhoza kuona odwala 80 patsiku, osadya nkomwe, koma zonse zomwe wachita ndi zomwe anauzidwa. Wina akhoza kuona kuti m'kabati mwatsala mabotolo ochepa a oxitocina, mankhwala aja oletsa mayi kutaya magazi akangobereka, n'kuwerengera kuti pa mlingo womwe amayi akuchilira mwezi uno sizifika tsiku lomwe galimoto ya mankhwala imabwera, n'kulemba pempho lero lomwe. Woyambayo watopa kwambiri, koma wachiwiriyo ndi amene wachita zomwe tikunenazi.

Beseni pansi pa denga lodontha

Tsopano apa ndi pamene nkhani imakoma. Ife a ku Mozambique tili ndi mawu athu aja, kudezenrasika, ndiye kuti kupeza njira ina iliyonse kuti zinthu zitheke ngakhale zipangizo palibe. Ndipo m'zipatala zathu kudezenrasika ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ndinadzionera ndekha usiku wina mlamu wanga akuchira pa chipatala china chakumudzi: magetsi anathima, namwino analuma foni pakamwa kuti tochi iwale pomwe manja ake ali, makina oyezera kuthamanga kwa magazi mabatire atha, anatuma mayi wokolopa kuti athamange akabwereke a ku mbali ya odwala wamba, mwana anabadwa bwinobwino ndipo tonse tinati namwino ameneyu ndi ngwazi. Ndi ngwazi ndithu. Koma patapita miyezi ingapo nditapitanso ndi nkhani ina ndinapeza makina aja akadali opanda mabatire, akubwerekanabe.

Ofufuza awiri a ku Harvard, Anita Tucker ndi Amy Edmondson, anakhala maola 239 akungoyang'ana anamwino 26 m'zipatala 9 mmene amagwirira ntchito, zotsatira zake anazitulutsa mu 2003. Anapeza kuti pa mavuto omwe anamwino amakumana nawo, monga kusowa kwa chipangizo kapena mankhwala, pa 100 aliwonse 93 amangowathetsa pompo kuti wodwala athandizidwe, osakauza aliyense amene angachotse gwero la vutolo. Ndipotu izi zinali zipatala za mayiko olemera, osati kuno.

Zili ngati denga likamadontha nthawi ya dzinja. Kuika beseni pansi n'kwanzeru, usiku umenewo mphasa siinyowa. Koma ngati palibe amene akwere kukafolera, kapena kukauza mwini nyumba, beseni lija likhala pomwepo mpaka mvula ithe, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mwini nyumba sadziwa n'komwe kuti denga lake likudontha chifukwa nthawi zonse akalowa amapeza pansi pouma. Namwino wodziwa kudezenrasika, mosadziwa, amabisa vuto kwa ashefi ake. Komanso makina akabwerekedwa ku wodi ina, wodi imeneyo ndiye yatsala yopanda kanthu, vuto langosamuka.

N'chifukwa chiyani amachita choncho? Nthawi palibe, odwala ali pamzere mpaka panja, kulemba lipoti ndi ntchito inanso. Ndipo tinene zoona, munthu ukathetsa vuto wekha umamva bwino mumtima, anthu amakuyamika, pomwe ukapita kukanena ku ofesi ena amakuona ngati wodandauladandaula. Ndiye akatswiri amasiyanitsa mitundu iwiri: kuthetsa vuto la lero, ndi kuchotsa chomwe chikubweretsa vutolo. Zonse ndi zofunika, koma yachiwiriyo ndi imene imasowa kwambiri.

Nanga malire ali pati

Apa ndi pamene bambo wa mu chapa uja anali ndi mfundo. Chipatala si dimba. Ukalakwitsa pa mbatatesi udzalimanso chaka chamawa, ukalakwitsa mlingo wa mankhwala kwa mwana wa miyezi 6 palibe chaka chamawa. N'chifukwa chake unduna wa zaumoyo, MISAU, uli ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito, ndipo gulu lililonse la ogwira ntchito lili ndi zomwe linaphunzira ndi kuloledwa kuchita: dokotala zake, tekiniko wa zamankhwala zake, namwino wa amayi ndi ana zake, wogwira ntchito yokolopa ndi kunyamula odwala zake.

Iniciativa sikutanthauza kulumpha malire amenewa. Wokolopa akayamba kubaya anthu jakisoni chifukwa wakhala akuonerera kwa zaka 10, imeneyo si iniciativa, ndi ngozi, paja safunsa anadya phula. Koma wokolopa yemweyo akaona kuti mayi amene wachira maola awiri apitawo nsalu yake yanyowa magazi ndipo akulankhula mosamveka, n'kusiya chokolopera n'kuthamanga kukadzutsa namwino, ngakhale akudziwa kuti mwina akalipidwa chifukwa chomudzutsa, ameneyo wachita chinthu chachikulu kwambiri ndipo sanadutse malire aliwonse.

Chitsanzo chabwino ndi ma APE athu, anthu aja osankhidwa m'mudzi n'kuphunzitsidwa zaumoyo, pulogalamu yomwe inayamba mu 1978 n'kudzatsitsimutsidwanso mu 2010. APE amayeza malungo ndi kachipangizo kobaya chala, amapereka Coartem, amapereka madzi a mchere ndi shuga pamodzi ndi zinki kwa mwana wotsegula m'mimba, amawerenga mpweya wa mwana wotsokomola. Koma mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akakanika kuyamwa, lamulo ndi lakuti atumizidwe kuchipatala msanga. Iniciativa ya APE siili pa kuyesa kuchiza yekha mwana woteroyo ayi. Ili pa zinthu ngati kudziwiratu kuti m'mudzi muno ndani ali ndi njinga yamoto yemwe angadzutsidwe usiku, kuimbira foni kuchipatala kuti akubwera mwana wotere konzekani, kubwereranso mawa lake kukaona ngati banja lija linapitadi kapena linakhotera kwa asing'anga.

Chifukwa chake ena amangokhala phee

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhaniyi ndi ya chibadwa, kuti pali anthu ochangamuka ndi anthu aulesi basi. Mbali ina ilipo, anthu timasiyana. Koma kafukufuku akuonetsa kuti malo a ntchito amamuumba munthu kwambiri. Frese uja, dziko la Germany litangogwirizananso, anayerekeza ogwira ntchito a kum'mawa ndi a kumadzulo ndipo mu 1996 anaonetsa kuti a kum'mawa amadziyambira zinthu mochepa, osati chifukwa chobadwa choncho, koma chifukwa kwa zaka zambiri ankagwira ntchito zomwe chilichonse chimachokera kumwamba ndipo munthu analibe mpata wosankha kanthu. Munthu ukamuzoloweza kuti maganizo ake alibe ntchito, amasiya kuganiza za ntchitoyo, amangodikira.

Edmondson nayenso anapeza chinthu chodabwitsa. Ankafufuza zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala m'mawodi, akuyembekeza kuti mawodi okhala ndi atsogoleri abwino apezeka ndi zolakwika zochepa. Zinatuluka mosemphana, mawodi abwinowo ndi amene anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa. Atafufuza bwino anaona kuti sikuti amalakwitsa kwambiri, koma amanena akalakwitsa, pomwe m'mawodi a ashefi aukali anthu amabisa. Kuchokera apo anayamba kufotokoza za kumasuka kwa mumtima pantchito, kuti munthu azitha kufunsa, kuvomera kulakwa, kapena kunena kuti apa sizili bwino, osaopa kunyozedwa kapena kulangidwa.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi kulemera kwake kwapadera, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Ndi khalidwe labwino kumudzi, koma taganizani namwino wamng'ono, wangotuluka kumene ku sukulu ya zaumoyo, waona kuti dokotala walemba mlingo wa munthu wamkulu pa pepala la mwana. Akamba bwanji? Ena amapeza njira yaulemu, "Adokotala, pepani, mwanayu ndamuyeza ali ndi makilo 9, ndimati nditsimikize mlingowu ndisanapereke," ndipo dokotala wanzeru amathokoza. Koma ngati tsiku loyamba anayankhidwa kuti iwe unaphunzira kuti udokotala, ndiye kuti tsiku lachiwiri apereka mankhwalawo mwakachetechete. Onjezerani pamenepo kuti ambiri ndi ongolembedwa kwa kanthawi, akudikira kuti alowe m'kaundula wa boma, ena akuopa kusamutsidwira kutali, nde muona kuti kukhala chete nthawi zina si ulesi, ndi masamu.

Madera ena anayesa kuthetsa izi poika kuyankhula m'malamulo enieni, kuti kusadalire kulimba mtima kwa munthu. Mu 2008 bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, linatulutsa kapepala ka mafunso oti gulu lonse liziyankha opaleshoni isanayambe: aliyense atchule dzina ndi ntchito yake, wodwala ndi yemweyudi, tikung'amba mbali yoyenera, ndipo pomaliza zipangizo ndi nsalu zawerengedwa zakwana. Anayesa m'zipatala 8 za mayiko osiyanasiyana, chimodzi cha ku Ifakara ku Tanzania, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 pa odwala 100 aliwonse. Kapepalako si mankhwala, koma kamapatsa namwino mpata wovomerezeka wotsegula pakamwa.

Zina zinayambira konkuno

Tisamangotchula za kunja ngati kuno kulibe. Amene mumamwa ma ARV kapena muli ndi abale otero mukudziwa ma GAAC, timagulu tija ta anthu osapitirira 6 omwe amasinthana kupita kuchipatala, mwezi uno apita mmodzi kukatengera onse mankhwala, mwezi wamawa wina. Zimenezi zinayambira mu chigawo chathu chino cha Tete mu 2008, pomwe ogwira ntchito zaumoyo a boma, a bungwe la madokotala opanda malire la MSF ndi odwala eni ake anakhala pansi ataona kuti anthu akusiya mankhwala osati chifukwa chosafuna, koma mtunda, ndalama ya transipoti ndi mizere yaitali mwezi ndi mwezi. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pofika pakati pa 2010 panali timagulu 291 ta anthu 1384, ndipo oposa 97 pa 100 aliwonse anali akadali pa mankhwala. Kenako MISAU inatenga njirayi n'kuifalitsa dziko lonse, mayiko ena kuphatikizapo Malawi anatengeranso.

Taonani mmene zinayendera, chifukwa apa pali phunziro la beseni lija. Namwino mmodzi akanangoyamba mwamseri kupatsa munthu mmodzi mabotolo a anthu 6, zikanathandiza mudzi umodzi kwa kanthawi, ndipo tsiku lina akanagwidwa n'kuimbidwa mlandu wa kuba mankhwala. Chomwe chinasintha zinthu n'chakuti maganizowo anapita poyera, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo anavomereza, panakhala makhadi olembapo, anthu anawerenga zotsatira.

Chimodzimodzi ma tekiniko a opaleshoni. Dziko litalandira ufulu mu 1975 madokotala ambiri anachoka, anatsala ochepa kwambiri, ndiye mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa anthu omwe si madokotala kuti azichita maopaleshoni, makamaka a amayi ovutika pobereka. Kafukufuku wa maopaleshoni a 2002 anapeza kuti m'zipatala za m'maboma, 92 pa 100 aliwonse a maopaleshoni akuluakulu a uchembere ankachitidwa ndi ma tekinikowa. Apa malire sanalumphidwe, anasunthidwa mwadongosolo, ndi maphunziro ndi chilolezo.

Diso la munthu mmodzi

Pali mbali ina yomwe siioneka kwambiri, yokhudza miliri. Mu 2022 kunapezeka mwana wa poliyo ku Changara, patangopita miyezi yochepa matendawa atapezekanso ku Lilongwe, ndipo mukukumbukira katemera wa khomo ndi khomo yemwe anatsatira. Poliyo sapezeka ndi makina aakulu a ku Maputo poyamba ayi, amayamba ndi munthu mmodzi pa chipatala chaching'ono amene waona mwana wosakwana zaka 15 miyendo yalefuka mwadzidzidzi, ndipo m'malo mongopereka mankhwala opha ululu, wadzaza fomu, watenga chimbudzi cha mwanayo n'kutumiza. Ntchito yotopetsa, yopanda woyamikira, ndipo nthawi zambiri zotsatira zimabwera kuti si poliyo.

Ndipo ndani angaiwale za ku Chitima mu Januwale 2015, anthu 75 atamwalira chifukwa cha phombe womwe anamwa pamaliro. Mphekesera zinali za ndulu ya ng'ona, koma kuyeza kunadzaonetsa kuti inali poizoni yochokera ku tizilombo tomwe tinamera mu ufa wa chimanga womwe anafululira. Pa zinthu zotere maola ndi amene amalamula. Odwala atatu a m'mudzi umodzi akabwera ndi zizindikiro zofanana, wina akhoza kuwathandiza mmodzimmodzi n'kumadikira wachinayi, wina amafunsa kuti kodi nonsenu dzulo munali kuti, n'kuimba foni ku boma nthawi yomweyo. Ndi kolera ndi chimodzimodzi.

Mtengo wake amalipira ndani

Tsopano tifike pomwe pamapsetsa mitima. Kuchokera pomwe boma linayambitsa ndondomeko yatsopano ya malipiro, TSU, mu 2022, takhala tikuona masitalaka a madokotala ndi a ogwira ntchito zaumoyo ena, mu 2023 ndi 2024, ndipo zina mwa zomwe amadandaula ndi ndalama za maola owonjezera komanso kusowa kwa zipangizo. Boma nalo limafotokoza mbali yake, za kuchepa kwa ndalama m'thumba la dziko ndi zomwe lakwanitsa kale. Ine pano sindikuweruza mlandu umenewo. Koma ukukhudza nkhani yathu mwachindunji, chifukwa mawu akuti iniciativa amamveka mosiyana kutengera wayankhula ndani.

Kwa ashefi, akamati onetsani iniciativa nthawi zambiri akutanthauza kuti musamangodikira ine, ndili ndi zipatala zambiri zoyang'anira ndipo sindingaone chilichonse. Ali ndi mfundo. Kwa wogwira ntchito mawu omwewo akhoza kumveka ngati gulani magolovesi ndi ndalama zanu, gwiritsani ntchito mayunitsi a foni yanu kuitana ambulansi, khalani mpaka usiku osalipidwa. Nayenso ali ndi mfundo. Kwa wodwala amene ali pabenchi zonsezi alibe nazo ntchito, akufuna wina amuyang'ane mwana wake. Ndipo munthu amene wakhala akudezenrasika zaka ndi zaka, kunena mavuto koma osaona chosintha, amafika potopa mumtima, amayamba kungochita zomwe zalembedwa basi, ndipo ife tikamuona timati ndi wouma mtima pomwe mwina ndi yemwe uja ankaluma foni pakamwa zaka zisanu zapitazo.

Tibwerere kwa mayi wa mu chapa uja. Namwino amene anamuuza kuti adikire mwina analibedi chilolezo cholemba mankhwala tsiku limenelo, ndipo pamenepo bambo uja akunena zoona. Koma panali zina zomwe zili m'manja mwa namwino aliyense: kuyeza kutentha kwa thupi, kufunsa ngati mwana wakomokapo kapena akukana kuyamwa, kumuyeza malungo ngati kachipangizo kalipo, kumuika patsogolo pa mzere ngati zizindikiro zili zoopsa, kuimbira tekiniko kuti kuno kuli mwana wotere, komanso kungomufotokozera mayiyo kuti tikudikira chiyani ndipo mpaka nthawi yanji. Ndiye ngati tekiniko amachedwa choncho Lolemba lililonse chifukwa amayamba wapita ku msonkhano ku boma, pamenepo pafunika wina akanene pa msonkhano wa ogwira ntchito kuti Lolemba tizikonza zinthu mwanjira ina.

Mayi uja anatsikira pa mphambano ina tisanafike ku Ulónguè, mwana ali kumbuyo, wachira, akudya chimanga chootcha. Bambo uja anamuthandiza kutsitsa thumba la ufa, koma mkangano wawo unali usanathe.